Tsiku limene ndinakwirira laputopu ya aphunzitsi

Ndinali pakati pa dimba ku Katunga, ndowa ina kumutu ina m'manja, dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka m'mafupa, pamene fundi anatulutsa mutu m'kanyumba ka pampu ya gulu lathu n'kunena kuti chafa ndi kapasita. Anandionetsa kanthu konga kachitini ka mankhwala a thonje.

"Musakagwire, mayi. Kameneka kamasunga magetsi m'mimba ngakhale mutazimitsa. Kanamuponyapo mnzanga kuchoka apa kukagwera pa nthochi paja. Ndipo moto wa magetsi sathira madzi, ndi mchenga basi."

Ine chinthu chimene sindikuchimvetsa chimandisowetsa mtendere, ndiye masana ku sukulu ya kwacha, imene imachitikira m'tchalitchi chathu chaudzu, sindinadikire kuti timalize kuwerenga, ndinangofunsa. Aphunzitsi athu a Zuze amaphunziranso zamagetsi, ndipo tsikulo anali ndi laputopu yawo, momwe munali ntchito yonse ya mayeso yoti akapereke mlungu womwewo. Anzathu ataweruka tinatsala ine ndi amake Fatima, mnzanga wokhala naye benchi imodzi.

Anatsegula pologalamu ina yake, pagalasi n'kuoneka batire, mawaya, kababu ndi timizere tiwiri toyang'anizana. "Kapasita ndi imeneyi. Ili ngati mtsuko, magetsi amalowa pang'onopang'ono chifukwa akudutsira pa kababuka. Kokani ndi chala, musaope." Ine chala changa chinazolowera khasu, koma ndinakoka, ndinalumikiza, kababu kanayaka n'kuyamba kuzilala. Ndinadziona ngati injiniya wa ku Nchalo.

Apa m'pamene abusa anawaitana aphunzitsi panja. "Ingoyang'anani mmene ikudzazira, ndikubwera."

Kuyang'ana? Ine amene ndasiya tomato akufota? Kapasitayo imadzaza ngati ndowa ya pa mjigo wakutha. Ndinati vuto ndi batire imodzi, ndinakoka ina, kenako ina, kenako inanso. Ndiye ndinakumbukira kuti chochedwetsa ndi kababu, n'kukachotsa, n'kulumikiza waya molunjika.

Anzanga, pagalasi panabuka moto. Malawi enieni ofiira, akuvina pa mabatire anga onse. Nthawi yomweyo laputopu inayamba kulira fuuu, ndikaika dzanja m'mbali mukutuluka mpweya wotentha. Ndinati magetsi onse ndaunjika aja adzaza m'mimba mwake, ndipo ine ndakhala pafupi kuposa mnzake wa fundi uja, ndikagwera kuti? Mu Shire?

"Zimitsani," anatero amake Fatima, atafika kale pakhomo.

"Ngakhale mutazimitsa imasungabe, mayi."

"Ndiye ine ndapita, ndili ndi ana ang'ono."

Ndinavala bwino patapata kuti ndisaponde pansi, ndinatenga ndodo yolozera pa bolodi n'kuyamba kubayabaya mabatani ndili patali ngati ndikutokosa mphiri. Malawi osazima, m'malo mwake chithunzi chinakula n'kudzaza galasi lonse. M'maganizo ndinaona tchalitchi chonse chikupsa, mabenchi, ng'oma za kwaya, dzina langa likulengezedwa Lamulungu. Pakona panali ndowa ya madzi akumwa, koma ine si mbuli, ndinali nditaphunzira m'mawa womwewo kuti madzi ayi. Ndinathamangira kuseri kumene amangira chimbudzi chatsopano, ndinatapa mchenga wodzaza chitenje, ndinabwera n'kukhuthula wonse. Ndinabwerezanso, n'kusalaza ndi phazi la patapata kuti mpweya usalowe. Kulira kuja kunasanduka kukukuta, kenako zii.

A Zuze analowa n'kupeza mulu wa mchenga patebulo, ngodya imodzi ya laputopu ikusuzumira.

"Mayi, laputopu yanga ili kuti?"

"Musayandikire, aphunzitsi. Ndazimitsa koma mwina ikadasungabe."

Nditawafotokozera anakhala pa benchi yathu ija, manja kumutu. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Ndikakujambulirani ng'ona pa bolodi, mudzaitana amuna a mikondo?" Ati moto uja unali chithunzi chongondiuza kuti ndalumikiza molakwika, ndipo kulira kuja n'kwa kachokupizira mphepo ka m'kati, kamalira choncho tsiku lililonse chifukwa cha kutentha kwa kuno.

Usiku umenewo ndi masiku otsatira sindinadye bwino, ndikuganiza za mayeso a munthu wosalakwa. Laputopu inakwera minibasi kupita ku Blantyre, ndipo wokonza anati ntchito ya mayeso yapulumuka koma zam'kati zina n'zosintha, anafunsanso ngati mwini wake amagwira ntchito youmba njerwa. Ine ndinalumbira kuti pa laputopu ya munthu ndizikhalira manja anga onse awiri, ngakhale itatulutsa utsi weniweni.

Wolipira anali tonde wanga wonenepa, amene anapita pa msika wa ku Nchalo atamangidwa pa njinga, akulira njira yonse, chonsecho iye sanapondepo m'kalasi.