Sabata Imene Ndinatuluka M'magulu Onse a pa Foni

Lolemba

Basi, zakwana. Sukulu tatsekera, ndipo nkhani yanga iyenera kufika kwa mkonzi wa ku Blantyre pofika Loweruka faifi koloko, apo ayi buku la nkhani za amayi lituluka popanda dzina langa. Akufuna masamba khumi ndi awiri. Ndili ndi mutu ndi ndime imodzi.

Mdani ndamupeza, ndi foni. Magulu amene ndilimo ndi khumi ndi anayi! Chigamulo changa:

- Gulu la alembi: kutuluka. Muli bambo wina amene amayamikira ndakatulo zanga asanaziwerenge n'komwe. Pakapita sabata, mizere yanga ndimaipeza patsamba lake itavala dzina lake.
- Tsamba la zithunzi: kufufuta. Ndikaika ndakatulo, okonda ndi atatu. Ndikaika chithunzi nditavala chitenje chatsopano, mudzi wonse.
- Lija la mavidiyo ovina: limadya bandulo ngati anankafumbwe.
- Lina likuti lindigulitsira nkhani kunja, bola nditumize kaye chithunzi cha chiphaso changa. Akundiyesa mwana?
- La aphunzitsi, la amayi a mpingo, la ogulitsa usipa pa Kande, la banja la amuna anga: onsewa ndatuluka.

Ndatsala ndi imelo yokha. Foni ndazimitsa, ili pansi pa sutikesi.

Masamba awiri lero! Kulemba ndi kumeneku.

Lachiwiri

M'mawa kuli zii. Bata lotere silindisangalatsa.

Naini koloko, "Odi!" Ndi aNyachirwa, aneba anga. Akuti adzabwereke lichero. Ali ndi malichero atatu, ndimawaona akaanika chinangwa.

"Mwe uli, Madamu? M'thupi muli bwino? Tangoona mwatuluka."

Kani munthu ukatuluka, foni imalengeza kwa onse! M'magulu khumi ndi anayi, nthawi imodzi.

Maso awo ali pakhoma, akuona ngati chithunzi cha ukwati chikadalipo. Kenaka ali pa sutikesi. Mlendo safunsidwa kuti anyamuka liti, ndiye tiyi, nthochi, nkhani ya mvula. Powaperekeza mpaka kumsewu tikumana ndi anthu anayi, aliyense moni wake wautali. Lichero aliiwala pakhonde.

Theka la tsamba.

Lachitatu

Amayi a mpingo atatu, atanyamula chinangwa ndi malalanje ngati akukazonda wodwala. Nyimbo ziwiri, mavesi onse. Mawu a kukhululukirana.

"Amene wakulakwirani m'gulu muja mutchuleni, tikonze."

Ndikuti palibe, ndikungofuna kulemba. Akuyang'anana. Kenaka wamng'ono mwa iwo wayamba kusisima, akuti ndi iye amene ananena kuti ndimayimba mokweza kuti abusa andione. Ndimukhululukire.

Ine sindimadziwa! Ananena liti? Kwa yani? Enawo anaseka? Ndamukhululukira pakamwa, koma masana onse ndangokhala ndi cholembera m'manja, kukumbukira amene amakhala kumbuyo kwanga m'tchalitchi.

Mizere isanu, itatu ndaifufuta.

Lachinayi

ANyachirwa abwera akuthamanga, foni yawo ili m'mwamba. Ndi amuna anga, akuimba kuchokera ku Joni.

"Amake Tiyanjane, foni yazima chifukwa chiyani? Kuli ndani kumeneko?"

Ndikuti ndikulemba.

"Mukulembera ndani?"

ANyachirwa aima pafupi, akuti akuteteza foni yawo.

Choipitsitsa n'chakuti ku Mpamba kunali maliro dzulo, a msuweni wa apongozi. Uthenga unapita pa gulu la banja. Akazi onse okwatiwa m'banjamo anapita kukaphika ndi kutunga madzi, kupatula ine, mmodzi wochokera ku Ntcheu uja. Mtima wandipweteka zedi, gogoyo ankandikonda.

Amene auza amuna anga ndikuwaganizira:

- aNyachirwa
- mlamu wanga wogulitsa pulasitiki pa Chintheche
- mayi wa mpingo wondinena kuti ndimayimba mokweza uja
- aNyachirwa

Lero sindinalembe kanthu.

Lachisanu

Nzeru yatsopano. Ndikalembere ku Chintheche, m'kalasi ya mnzanga, kopanda "odi". Ndaika makope, botolo la madzi ndi chitenje m'chikwama. Chikwamacho n'chachikulu, ndikuvomereza, koma china ndilibe.

Pasiteji anthu akundipatsa moni mwaulemu wonyanya. Kondakitala wandilandira chikwama ndi manja awiri.

"Madamu, ya ku Ntcheu mukasintha pa Salima."

Ndani wanena za Ntcheu?

Minibasi ikudikira kudzaza. Isanadzaze, njinga yamoto ya kabaza yaima kutsogolo kwake. Akutsika ndi Ankhazi, azakhali a amuna anga, amene mawu awo m'banja muno satsutsidwa ngakhale ndi amuna a ndevu. Duku lapendekeka ndi mphepo. Sanakalipe. Angotenga chikwama changa n'kuchisenza pamutu.

"Tiyeni kunyumba, mkamwana. Ukwati sathawa pa minibasi."

Anthu onse m'galimoto akugwedeza mitu. Wina waombera m'manja!

Agona kwathu, pamphasa, pafupi ndi chitseko.

Loweruka

Bwalo pansi pa mtengo wa mango. Amalume awiri, Ankhazi, alamu, mkulu wa mpingo. Amuna anga ali pa foni yotsamira kapu, akuduka n'kubweranso. Ine pamphasa, miyendo yotambasula, maso padzuwa.

Aliyense akuyamba ndi kuthokoza amene walankhula kale. Theka la nkhani lili m'Chitonga chothamanga, ndipo ndikukayika ngati amene akundimasulira akunena zonse.

Thwelofu koloko andipatsa mpata. Ndikufotokoza za mkonzi, za faifi koloko, za magulu. Akuti ndibweretse zolembazo aone. Ndawerenga masamba anga atatu. Amalume aakulu akuti bambo waulesi wa m'nkhanimo ndi iwo, chifukwa nawonso ali ndi bwato lobooka. Ola lathunthu lapita pa bwato.

Folo koloko, chigamulo. Palibe mlandu. Ndikapepese ku Mpamba. Ndibwerere m'gulu. Ndipo Ankhazi awonjezera:

"Mwana uyu vuto lake n'lakuti akufuna kulemba koma tamumana cholemba. Akhale adimini wa gulu la banja. Mauthenga onse a banja azilemba ndi iye."

Onse aomba m'manja. Amuna anga ku Joni akuthokoza m'Chitonga, akuti "Yewu, Ankhazi, yewu."

Kuphikira alendo. Kuwaperekeza mpaka kumsewu. Pobwerera, sikisi yakwana.

Lamulungu

Ndayatsa foni. Yanjenjemera mphindi khumi, yatentha ngati mbatata yootcha. Andibweza m'magulu onse, ndipo pali lina latsopano la "Kupempherera Madamu". Ndilimo.

Imelo ya mkonzi ndi ya mizere iwiri. Akuti anadikira, malo apatsa wina, mwina ulendo wina. Ndalira kuseri kwa bafa, mwakachetechete, kuopa kuti aNyachirwa angamve n'kuitanitsa bwalo lina.

Titaweruka kutchalitchi, ntchito yanga yoyamba yafika. Mbuzi ya Ankhazi yasowa. Ndakhala pansi, ndawafunsa bwino Ankhazi mbiri yake, ndailemba: yaikazi, yakuda, khutu lamanzere long'ambika, yoyenda monyada ngati ikudziwa mwini wake. Chiganizo chomaliza ndachikonza katatu, n'kutumiza m'gulu la banja.

Mphindi zisanu zisanathe, onse awerenga. Wa ku Usisya wayankha. Wa ku Joni wayankha. Amalume aakulu akuti nawonso ali ndi mbuzi yotero, koma si imeneyo. Ankhazi atumiza mawu ondiyamikira: "Mwalemba umampha, mkamwana, ndachita kuiona ndi maso."

Chiyambire kulemba, aka n'koyamba kuti anthu awerenge zanga mpaka kumapeto.

Mbuziyo sinapezeke.