Mmene Ndinathamangitsira Mawu a Amake Agnesi Mpaka ku Nkaya

Inu amene mumati ndikayamba nkhani ya kompyuta mumatsinana n'kumayang'ana pansi, lero ndalemba papepala kuti mukane bwino. Ine bodza ndinalisiya chaka chomwe ndinasiya kachasu, ndipo izi nditha kulumbira nditagwira kolona.

Ndili ndi mkamwini dzina lake Che Saidi, wa kwa Mposa, amene anakwatira mwana wanga Agnesi n'kudzamanga pakhomo pathu pano ku Utale. Mutu wa munthu ameneyu si wamasewera. Anatola kompyuta yakufa ku Balaka imene eni ake ankakhalira ngati mpando, n'kuidzutsa, n'kuilumikiza ku batire la sola, n'kuipatsa ntchito yosunga mafilimu onse a pabanja, a maukwati, a ubatizo, a ziliza, moti wofuna kuonera, kaya pa TV kaya pafoni, iyo imamutumizira popanda waya ngakhale ali kuseri kwa khola. Mwini wake amaitcha seva.

Ndiye filimu ya chinkhoswe chawo wojambula anaibweretsa yolemera kwambiri. TV yathu ikaiona inkangozunguliza kamkombero pakati ngati galu wofuna pogona. Che Saidi anati iyenera kukonvetedwa, kutanthauza kuti kompyuta iipere monga chimachitira chigayo, ituluke yosalala yoti TV ndi mafoni ameze. Anaiyambitsa Loweruka m'mawa, nati itenga tsiku lonse, munthu asaikhudze, iye n'kupita kumsika.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi abale anadzaza pabalaza mpaka ena m'mawindo. Filimu itayamba, nkhope zonse zinali zobiriwira ngati masamba a nkhwani, ankhoswe anasweka timabokosi timabokosi, mutu wa Agnesi unatsogola thupi n'kutsala pakhomo, koma zonsezo tikanapirira. Kenako anaonekera akazi anga, amake Agnesi, ataimirira kuti apereke malangizo kwa ana, atavala chitenje chawo chatsopano, dzanja m'mwamba, ndipo atatsegula pakamwa munatuluka kulira kwa mbuzi. Mukumva? Mbuzi yomwe tinapha tsiku la chinkhoswelo. Akatseka pakamwa imaleka, akatsegula imayambanso. Anthu anaseka mpaka wina anagwa pawindo.

Amake Agnesi sanaseke. Anauza mwana wawo, poti mkamwini salankhula naye maso ndi maso, kuti: "Ukamuuze mwamuna wakoyo, wandisandutsa mbuzi pamaso pa abale anga. Likamafika Lachitatu ndisaone katundu wake pamudzi pano." Apo n'kuti Agnesi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Ndiye ine ndinaganiza. Mawu satha ngati mchere m'madzi, iyayi. Ngati mbuzi yalowa, eni malo atulukira penapake. Ndinaika khutu kumbuyo kwa kompyuta kumene kachikupiza kamatulutsira mpweya wotentha, ndinamva fungo la malangizo, ndinadziwa kuti athawira pamenepo, ndipo Lolemba m'mawa ndinakwera njinga kuwalondola. Kulondolako sikunavute, chifukwa malangizo a mayi amenewa ndi amphamvu, mwakuti paliponse pamene anadutsa ndinkapeza amuna atasiya bawo akusesa pabwalo, nkhuku zikuyenda pamzere, ndipo pa Rivirivi ndinapeza ng'ona ikuchapa ziwiya. Ndinapalasa, abale, ndinapalasa mpaka matayala anayaka moto, ndinawavula osaima n'kukweza malimu achitsulo okhaokha panjanji, ndinapitirira sitima ya malasha woyendetsa akundiimika ndi dzanja kuti ndimukokeko, thukuta langa likugwa m'mbali mwa njanjimo n'kumeretsa mpunga mwezi wa Okutobala, mpaka ndinafika ku Nkaya pamene njanji zimapatukana.

Pamenepo ndi pomwe ndinawapeza. Anaima pamphambano osadziwa kuti alowere ku Nayuchi kapena ku Salima, ndipo podikirapo anali akukalipira sitima ina yomwe inaima mwamanyazi itazimitsa nyali. Ndinawazembera kumbuyo ndi thumba la feteleza, ndinawavundikira, anandimenya chidyali, tinagubudukira limodzi m'matebulo a tomato, koma ndinawamanga ndi linya pakaliyala, ndipo ulendo wonse wobwerera ankandilalatira m'thumbamo za mmene ndimatafunira. Nditafika ndinawathira ndi fanulo pa kabowo kolowetsera fulashi, mbuzi ija inapanikizika m'katimo n'kutulukira kumbuyo yathunthu, yamoyo, ndi chingwe chake chomwe. Mbuzi imodzi tinaidya kawiri. Mukumva kodi?

Lachitatu filimu inaonetsedwanso. Nkhope zinali za anthu, mitu ili pamakosi, ndipo amake Agnesi atatsegula pakamwa munatuluka mawu awo enieni, ogwera pamilomo ndendende. Analira misozi. Che Saidi sanachoke. Nkhani imeneyi ndaifotokoza pamaliro ndi paukwati zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo za ku Nkaya sindikubweza ngakhale liwu limodzi.

Koma pali chimene ndakhala ndikudumpha, ndipo chikundilemera ndikamapita kukalandira Ukalistia.

Loweruka lija masana kunali mpira pa wailesi, ndipo mabatire a wailesi yanga anali atatha. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinachotsa mawaya a kompyuta pa batire la sola ili pakati pa kupera, ndinalumikiza wailesi yanga. Mpira utatha ndinabwezera mawaya bwinobwino, kompyuta inadzuka n'kupitiriza yokha, ine n'kumati palibe chaonongeka. Lamulungu lija mkamwini akupatsidwa masiku atatu, ine ndinali pompo, ndikuyang'ana kudenga.

Lachiwiri m'mawa Che Saidi anandiitanira kuseri kwa nyumba, nagwada monga amachitira, nandionetsa foni. Kodi inu mumadziwa kuti kompyuta imalemba buku lake m'mimbamo, chilichonse chimene yaona? Ine sindinkadziwa.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "apa ikunena kuti moto unachoka 3 koloko, n'kubwerera 5 koloko isanakwane."

Kenako anati: "Nanga anawina ndani?"

Filimu yolemera ya wojambula ija anali ataisunga padera osaifufuta, chifukwa munthu ameneyu sataya ngakhale msomali wopindika. Anayambiranso kuipera, atasintha zina zoti mawu ndi zithunzi ziziyendera limodzi, n'kukhala pamkeka pafupi ndi batire tsiku lonse, swala yake, pemphero lachisilamu, anachitira pomwepo. Madzulo anatuma Agnesi ndi tambala kwa apongozi ake aakazi, kuti akanene kuti cholakwa chinali chake, anafulumira ntchito, amukhululukire. Dzina langa silinatuluke pakamwa pake, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikamafotokoza za sitima ya malasha iye amakhala kumapeto kwa benchi akugwedeza mutu, nthawi zina amandikumbutsa za ng'ona ndikaiwala.

Anthu otere sapezekapezeka. Koma mpaka lero amake Agnesi akamamutchula amati "wambuzi uja," ndipo sabata yatha ndinamva mdzukulu wanga, mwana wake yemwe, akumuitana choncho. Che Saidi anangomwetulira. Ine ndiye ndinakafuna pepala ndi cholembera.

Tsono Agnesi mwana wanga, pepalali ukawawerengere amako mawa m'mawa, pang'onopang'ono, osadumpha za mpirazo. Ukafuna kudziwa chimene chinanditseka pakamwa zaka zonsezi, kumbuka kuti mudzi uno ndi wa amako. Inenso pano ndine mkamwini, zaka makumi anayi. Katundu wanga si wambiri, ndamanga kale.