Nkhope za mu Kamera ya a Domingo

M'dera lathu lonse la Glen View munalibe munthu wochedwa kujambula chithunzi ngati malemu a Domingo. Abale inu, mwamuna ankabwera atameta ndevu, n'kubwerera kwawo zitameranso, chithunzi chisanajambulidwe. Ine Esinati ndinkagulitsa tomato pafupi ndi pamene amakhomera mipando paja, ndiye zonsezi ndinkadzionera ndekha, palibe wondiuza.

Anali mkulu wamtali, woonda, wobadwira pa famu ya fodya ngati ambirife. Tinkawaitana kuti sekuru, ndiye kuti agogo. Mafamu atalandidwa anafika m'tauni ndi akazi awo, mayi Amália, ndi kakamera ka dijito kamene mlamu wawo anatumiza kuchokera ku Joni. Mayiwo sanakhalitse, chifuwa chinawatenga chaka chomwecho. Anasiya chithunzi chimodzi chokha, choyambirira mu kameramo, ndipo a Domingo ankachiyang'ana m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe.

Tsono pojambulapo ndiye panali ntchito. Tsiku lina Fanwell, kalipentala, anafuna kujambulitsa atakhala pa sofa amene anakhoma yekha.

"Tembenuzani sofayo," anatero a Domingo. "Dzuwa likhale kumsana kwanga, osati kwanu. Mukufuna mutuluke ngati chitsa chopserera?"

Fanwell anatembenuza sofa, thukuta lili kamukamu.

"Ayi, kumbuyoko kuli mtengo wa magetsi. Uoneka ngati wamera pamutu panu. Munthu amayang'ana zakumbuyo kaye."

Anakokanso sofa. Pamenepo n'kuti dzuwa litafika paliwombo.

"Basi, tachedwa. Dzuwa la masana limakumba maenje m'maso. Mubwere madzulo."

"Sekuru, sofayu wagulidwa kale, eni ake akubwera ndi galimoto!"

"Ndiye mukhome wina."

Akati ajambule, ankapukuta galasi ndi kansalu kake, n'kupanikiza zigongono m'nthiti, n'kusiya kupuma mpaka mitsempha ya m'khosi kutukumuka. Amati manja akanjenjemera chithunzi chimatuluka choledzera. Kabatani kokokera zinthu pafupi kaja sankakakhudza. "Kamawononga nkhope, miyendo ndili nayo," ndipo ankakuyandikira mpaka umve fungo la fodya wawo wa m'mphuno. Fulashi ndiye ankadana nayo koopsa. "Imafiiritsa maso, munthu wa Mulungu n'kuoneka mfiti. Imadyanso batire." Mwana sankamujambula ali chiimire. Ankagwada mpaka maso awo alingane ndi a mwanayo, kenako n'kuitana anthu awadzutse, mawondo atakana.

Tinkawaseka, koma zithunzi zawo zinali zithunzi. Ine ndemwe, ndi mphuno yangayi, ndinatuluka ngati mkazi wa abusa.

Chinafika chaka cha 2008. Ndalama inasanduka mapepala, m'masitolo munangotsala mashelefu. Sitolo yotsukira zithunzi m'tauni inatseka, ndiye zithunzi zonse zinkangokhala mu kakhadi ka mu kameramo. Wofuna kudziona ankapita kwa a Domingo, n'kusuzumira pa kagalasi kakumbuyo, n'kusiya tomato kapena kapu ya ufa. Magetsi akangobwera, mkuluyo ankathamanga ndi batire lake, anzake akuthamangira kuphika.

Mvula itayamba, kolera inalowa. M'mipopi munalibe madzi, zonyansa zinkayenda mumsewu. Munthu mwacheza naye m'mawa pa chibhorani, mjigo wathu uja, potunga madzi, mawa lake mukumva kuti wapita. Chowawa kwambiri chinali chakuti azaumoyo ankakulunga mtembo mu pulasitiki, osalola kutsegula bokosi. Ife kuika munthu osaona nkhope? Zinkatipweteka kuposa njala.

Pa maliro a Fanwell, mayi ake anagwira bokosi akukuwa kuti sachoka asanamuone mwana wawo. Anthu anasowa chochita. A Domingo anatulutsa kamera, anafufuza, n'kuima kumutu kwa bokosi ataitchinga ndi chipewa kuti dzuwa lisaphe kagalasi. Munali Fanwell, ali pa sofa wachiwiri uja, akuseka. Tinafola mzere ngati mwa masiku onse, aliyense n'kuwerama, n'kuona, n'kudutsa. Kuyambira tsiku limenelo maliro a m'dera lathu sankanyamuka a Domingo asanafike.

Ndiye anayamba kujambula aliyense pa mzere wa madzi, osafunsa.

"Iii, sekuru, mwandiona chiyani ine?" anakalipa mayi wina. "Ndili bwinobwino, chotsani chinthu chanucho!"

"Ndiye chake. Ndikujambuleni mudakali ndi masaya. Tembenukirani kuno, chidebecho chikubisa chibwano."

Vuto linali kakhadi kaja. Kanali kakang'ono, ndipo kanadzaza. Kuti ajambule chatsopano ankayenera kufufuta china. Anayamba ndi masofa, kenako maukwati, kenako ife amoyo, mmodzimmodzi, kusiya okhawo amene ankaoneka ofooka. Changa chija anachita kudzandipepesa. Pofika Khirisimasi munatsala akufa okhaokha, ndipo achibale awo ankabwera Lamulungu lililonse kudzawaona.

M'mawa wina Paulina, amene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yathu, anatulukira akukankha wilibala. Munali mwana wake Ruvimbo, maso atalowa m'kati, milomo itauma gwaa. Ankapita naye ku matenti a odwala kolera. Anaima pakhomo pa a Domingo.

"Bambo, mwanayu sanajambulidwepo chibadwire. Akakatisiya kumeneko ndidzaona chiyani?"

A Domingo anayatsa kamera. Ine ndinali pambali pawo. Anadutsa nkhope imodzimodzi, akutchula maina chapansipansi. Uyu mayi ake amabwera. Uyu anasiya ana. Uyu mkazi wake ali ku Joni, sanamuonebe. Anafika kumapeto, n'kubwerera koyambirira, kwa mayi Amália.

"Sekuru, ayi," ndinatero. "Fufutani wina, eni ake adzamvetsa."

"Onsewa ali ndi owalira ambiri. Awa wowalira ndine ndekha, ndiye wondikwiyira palibe."

Anayang'ana kanthawi, osaphethira. Kenako anadina.

Mukuganiza kuti anafulumira? Ayi ndithu. Anauza Paulina atembenuze wilibala kuti kuwala kugwere kumaso. Anachotsa chidebe chimene chinali kumbuyo. Anagwada m'matope, anapukuta mwanayo kukamwa ndi dzanja lawo, n'kumudzutsa chibwano.

"Ruvimbo, tayang'ana kuno. Ona mphuno ya mayi Esinati."

Kamwanako kanayesa kumwetulira. A Domingo anasiya kupuma, n'kujambula.

Ruvimbo anachira. Patatha sabata anabwerako akuyenda yekha, akulirira chimanga chootcha. Paulina anabwera kudzagwada, akulira kuti wawonongetsa chithunzi cha mayi pachabe. A Domingo anamukalipira kuti adzuke, chithunzi chimene sichinagwire ntchito pa maliro ndicho chabwino.

Koma m'mawa ankadzukabe n'kutenga kamera, n'kuiyatsa, n'kuizimitsa. Tsiku lina anabwera pa tebulo langa, n'kumagwiragwira tomato osagula.

"Mayi Esinati, inu munawaonako mayi aja. Mpata wa m'mano uja unali m'mwamba kapena m'munsi?"

Ndinati ndikumbukire, osatheka. Ndinafunsa amayi anzanga, ena amvekere m'mwamba, ena m'munsi, wina n'kuti analibe mpata n'komwe. Mkulu uja anangogwedeza mutu n'kumapita. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo ngakhale pa maliro.

Mu Januwale kolera inawapeza iwonso. Sanagone masiku ambiri. Bokosi lawo linabwera lomata ngati ena onse, ndipo kumutu kwake kunalibe woima ndi chipewa. Kamera anaitenga mlamu wawo uja, anapita nayo ku Joni pamodzi ndi akufa athu onse.

Lero mwana aliyense ali ndi foni, amangoti tha! tha! tha! dzuwa lili kumsana kwa wojambulidwa, mitengo ikumera pamitu ya anthu, palibe wowakalipira. Pa kona pamene a Domingo ankajambulira paja pali zii. Ruvimbo ndi mayi tsopano, ali ndi ana akeake. Tsiku lina anandifunsa kuti kodi sekuru amene amayi ake amawatchula aja ankaoneka bwanji. Ndinati anali wamtali, woonda. Anadikira kuti ndipitirize. Ndinayamba kusanja tomato.