Mawu Anga Pansi pa Ayezi

"Kodi mayi a Tadala, ndi mawu anu otsikawo, munayamba mwaitanapo munthu n'kutembenuka?" Anandifunsa choncho bambo wina wa kwaya m'tauni ya Lawrence, kuno ku Amereka. Wokayika akhale pansi amve.

Chaka chimene ndinafika ku South Bend, aNaphiri, oyandikana nane nyumba, anandipeza pa siteji ya basi nditavala nsapato zansalu m'chipale chofewa. Anavula zawo zaubweya n'kundipatsa, iwo n'kubwerera kunyumba ndi zangazo. 

Patapita zaka anadwala mtima n'kugonekedwa ku Indianapolis, mwana wawo mmodzi yekhayo, Yamikani, ali pa sitima ya ofufuza kunyanja ya ayezi kumpoto, komwe foni sigwira. Ntchito yake inali kumvetsera pansi pa nyanja ndi makina amene amati sona. Anali atandiuzapo kuti madzi a kumeneko amasanjikizana ngati mabulangete, ozizira a mchere wochepa pamwamba, ofundirapo amchere pansi, ndipo phokoso likalowa molakwika limapindika n'kusochera, koma likagwera mumpata wapakati limayenda ngati mupaipi.

Ndiye ndinadiraiva kupita kumtsinje, ndinaboola ayezi ndi supuni ya tiyi, n'kugwada, n'kunong'oneza kuti, "Yami, amayi ako akudwala, bwera," ndipo mawuwo anatsetsereka kulowa m'nyanja ya Michigan, anadutsa nyanja zina zotsatira, anagwa pa mathithi osathyoka, anakhotera kumpoto anangumi akuwapatsa njira, ndipo pofika pansi pa ayezi, poti ndi opyapyala, analowa mumpata uja osakhudza paliponse, pamene mawu a bambo a kwaya aja akanagunda denga la ayezi n'kubwerera kudzagonthetsa mwiniwake. Mukumva? Makina onse a pa sitima ija anakhala chete mwaulemu, azungu anavula zomvera m'makutu kufunsana kuti ndi nsomba yanji yofatsa chonchi, Yamikani n'kuimirira. Anayankha m'Chingelezi, monga amachitira ana a kuno, moti yankholo linasochera, mpaka lero silinafike.

Posakhalitsa anali pambali pa bedi la mayi ake. Iye amati anaona imelo ya abusa. Musiyeni, ndi mwana.

Tsiku lotuluka m'chipatala chipale chinali chitagwanso, aNaphiri ali ndi masilipasi okha. Ndinavula nsapato zaubweya zija, ndinagwada n'kuwaveka, masilipasi awo n'kuvala ine. Anayang'ana kumapazi, kenako anayang'ana ine.

"Zikadalipo?"

"Zikadalipo, anzanga. Tiyeni."