Maikolofoni Yosadziwa Apongozi

Mpaka lero ndikukana, ine sindinalakwe. Cholakwa ndi ulemu umene anatiphunzitsa kumudzi, ndipo wofuna kuseka aseke, koma ayambe wamva kaye.

Mlamu wanga Chisomo, mng'ono wa mkazi wanga, ankachita chinkhoswe ku Indianapolis, ku America, m'holo ina ku Lawrence. Apongozi aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu, koma apongozi aakazi adokotala anawaletsa kukwera ndege. Pempho lawo linali limodzi basi, lakuti adzamve malangizo amene amuna awo adzapereke kwa mwana wawo wotsiriza. Ine mkamwini wamkulu ndinadziguguda pachifuwa kuti ntchito imeneyo ndi yanga.

Ndinabwereka maikolofoni kwa mnzanga ku South Bend kumene timakhala, yaitali ija ngati mthiko. Njira yonse ndinkaphunzitsa mkazi wanga m'galimoto kuti iyi imamva kokha kumene yaloza, za m'mbali ndi gonthi. "Nanga kumbuyo?" iye anafunsa. Ndinati kumbuyo ndiye kumanda kwenikweni, ziii.

Nthawi itakwana apongozi anaimirira, ine n'kufika kutsogolo n'kuwaloza nayo pakamwa penipeni, monga mmene imafunira. Azakhali a mkazi wanga, a Nachisale, anandikoka jekete.

"Bambo a Tadala, mwapenga? Apongozi anu mukuwapoyinta ngati mukufuna kuwashuta? Ndi zimene mwaphunzira ku America kuno?"

Holo yonse maso pa ine. Nanga mukanakhala inu mukanatani? Ndinagwada, n'kuigwira ndi manja awiri, n'kuipotoza pang'ono kuti isawayang'ane kumaso. A Nachisale anatsokomola. Ndinaipotozanso. Apo anagwedeza mutu kuti eya, mwana uyu analeredwa.

Apongozi anga akagwira mawu sataya msanga. Ola linatsala pang'ono kukwana ine ndili chigwadire pasimenti, maondo akuyaka moto, mikono ikunjenjemera. Poti ndinali kumbuyo kwa chida, kumanda kuja, ndinapumira m'mwamba n'kunong'ona: "Ambuye, kodi akuluwa amaliza liti? Mwambi womwewu kachitatu!"

Atakhala pansi, kumvetsera zimene ndajambula sindinakuone kofunika. Katswiri amvetserenso chiyani? Ndinatumiza pomwepo pagulu la banja lonse pafoni, a ku Ntcheu ali momwemo.

Tili pamsewu kubwerera, mkazi wanga anatsegula kuti amve. Mayo ine! Apongozi ankamveka patali ngati udzudzu uli kunja kwa neti. Chomveka bwino linali tebulo la zakudya kumene ulemu wanga unalozetsa chida chija, amayi awiri akutsutsana ngati mandasi ndi a lero kapena a dzana, masupuni ali ngwerengwere. Kenako, pafupi penipeni, mawu a mwamuna wotopa akufunsa Ambuye funso. Kodi alipo anandiuza kuti chinthu chija chili ndi kakhutu kenanso kumbuyo? Palibe!

Manyazi ndinali nawo, inde, koma chinandiwawa kwambiri n'chakuti apongozi aakazi aja anadikira miyezi kuti amve mawu amenewo, ndipo chinkhoswe sachita kawiri.

M'mawa kunafika uthenga wa mawu kuchokera kwa apongozi aakazi ku Ntcheu. Ndinautsegula.

"Bambo a Tadala, zikomo chifukwa cha ntchito. Bambo anuwo sindinawamve, koma inu ndakumvani bwinobwino. Funso lanulo lisakudwalitseni. Ine ndakhala ndikulifunsa kuyambira chaka chimene anandikwatira, yankho lake sindinalipeze."

Apongozi aamuna nawonso anamva. Masiku ano akandiimbira foni, moni asanapereke amayamba ndi kuti, "Ndifupikitsa, bambo."

Ndalumbira, maikolofoni sindidzagwiranso pamwambo wa kuchipongozi. Koma mukadzandikakamiza, ndidzaloza pamphuno penipeni nditaimirira, a Nachisale atsokomole mpaka kukhosi kuume.