Fanuwelo Pakati pa Mizere Iwiri

Mwambi wa mapanga uja unayamba motere, ndipo unayambira pompano, kuseri kwa sukulu ino imene mwabwera kudzalembetsa mayina kuti mudzavote. Ena adzakuuzani kuti ndi mwambi wa makolo akale. Alekeni anene. Ine ndinalipo, ndinali mphunzitsi pano, ndipo ndinali mmodzi wa owerenga anthu tsiku limenelo. Poti makina ojambulira aja akana kuyaka, khalani pansi ndikuuzeni, mzere suthawa.

Chinali chaka cha chisankho choyamba cha makhansala a khonsolo yathu zipani zitachuluka. Kuno ku wodi ya Kamphande chipani champhamvu chinali chimodzi, moti aliyense ankadziwa kuti wopambana pa chisankho chachipulula ndiye khansala basi. Ofuna mpandowo anali awiri. A Gwaza, mlimi wa nzimbe wa kutsidya, ankalonjeza mlatho pa mtsinje wathuwu. A Zakeyu, mwini chigayo, ankalonjeza bwalo la mpira ndi yunifolomu ya timu.

Tsoka linagwera bambo wina dzina lake Fanuwelo. A Gwaza anali amalume ake, ndipo dimba limene ankalimamo tomato linali lawo. A Zakeyu anali alamu ake, mchimwene wa mkazi wake Nambewe, ndipo Fanuwelo ankakhala chikamwini m'mudzi mwawo. Akakhumudwitsa amalume, dimba lapita. Akakhumudwitsa alamu, akapeza kathumba kake ka zovala kali panja.

Fanuwelo sanali munthu woipa, ine ndinkamukonda. Vuto lake linali lakuti mawu oti "ayi" ankamukakamira pakhosi.

A Gwaza anamupeza kudimba akuthirira.

"Mwana wa mlongo wanga, Loweruka ndikufuna ndimve mpweya wako pamsana panga."

"Amalume, nanga ndingaime kuti kwina? Magazi ndi magazi."

Tsiku lotsatira a Zakeyu anamuitana kwawo, namuphera tambala.

"Alamu, takusungani bwino m'mudzi muno. Loweruka lija mukudziwa kale."

"Alamu, musavutike n'kunena," anayankha Fanuwelo, ntchafu ya tambala ili m'manja. "Ine ndi inu mpaka kalekale."

Tsono mumvetse, inu mudzavota mobisa, nokhanokha ndi pepala lanu. Chisankho chachipulula sichinali choncho. Opikisana ankaimitsidwa pabwalo, n'kumangidwa nsalu kumaso, ndipo aliyense ankakaima kumbuyo kwa munthu amene wamufuna, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Wa mzere wautali ndiye wapambana.

Nsalu ya kumasoyo ndi imene inamupatsa Fanuwelo nzeru. Lachisanu, akusankha tomato pakhonde, anafotokozera mkazi wake.

"Nambewe, unakwatiwa ndi munthu wa mutu. Onse awiri adzakhala osaona. Ndikaima kumbuyo kwa amalume, ndidzatsokomola n'kunena kuti ndafika. Kenako mapazi khumi okha, ndili kumbuyo kwa alamu, ndatsokomolanso. Aliyense adzamva mawu anga."

"Nanga powerenga mudzakhala kuti, bambo a Lute?"

"Pamene mwendo udzandifikitse."

Nambewe anayang'ana tomato wina amene anali ndi bowo la mbozi, namuponya kwa nkhuku.

"Simunandifunse kuti ine ndikaima kuti."

"Ndifunsirenji, mchimwene wako ali pomwepo?"

Nambewe anapitiriza kusankha tomato. Mayi ameneyu anaoloka mtsinje uja atanyamulidwa pa chitseko, madzi ali m'chiuno mwa omunyamula, kupita kuchipatala tsiku limene Lute ankabadwa. Za mlatho sankafuna kuuzidwa ndi munthu.

Loweruka anthu anadzaza bwalo ili. Fanuwelo anabwera atavala jekete yobwereka ndi nsapato zopukuta. Mkulu wochititsa chisankho, wochokera ku boma, anaimitsa a Gwaza apa, a Zakeyu apo, ife tinawamanga nsalu kumaso. Anthu asanayambe n'kuima komwe, kumwamba kunada. Mvula yoyamba ya chaka inatsika ngati ikulipsira munthu.

Makalasi anali opanda denga, mphepo itasasula malata mwezi wapitawo. Mkulu uja anali ndi mawodi ena awiri oti afikeko tsiku lomwelo, ndipo anakana kuimitsa chisankho. Munthu wina anamuuza za mapanga awiri a m'tsinde mwa phiri, mmene abusa a mbuzi amabisala. Mukuwaona uko, lina kumanzere, lina kumanja, pakati pali khwawa, kutalikirana ngati magoli a bwalo la mpira.

"Zakhala bwino," anatero mkuluyo. "A Gwaza phanga ilo, a Zakeyu ilo. Aliyense alowe mmene mtima wake uli. Ndikaimba wezulo, owerenga ayambe nthawi imodzi. Amene sali m'phanga sawerengedwa."

Munthu sangakwere phiri ali womangidwa kumaso, choncho tinawamasula a Gwaza ndi a Zakeyu. Nsaluzo zinanyowa, ndipo palibe anakumbukira kuwamanganso. Aliyense wa awiriwo anaima pakhomo pa phanga lake, maso ali gwa, kuona amene akulowa ndi amene akudutsa.

Fanuwelo mtima unamuthawa, koma anadzilimbitsa. Anathamangira kwa amalume, kumene ine ndinatumidwa kukawerenga.

"Ndafika, amalume."

"Lowa, mwana wa mlongo wanga."

Sanakhalitse. Atasuzumira kutsidya, anaona a Zakeyu atatchinga dzanja pamphumi, akuunguza uku ndi uku.

"Amalume, ndaiwala chipewa pabwalo."

Chipewacho chinali pamutu pake. Fanuwelo anatsetsereka m'khwawa, nakwera mbali inayo, jekete ikudontha.

"Ndafika, alamu."

"Ndimati mwasochera. Lowani."

Atangopuma kawiri, anamva mawu a amalume akuoloka khwawa: "Fanuwelo ali kuti?" Anauza alamu kuti m'mimba mwamuvuta, natulukanso. Ulendo uwu madzi a m'khwawa anali atafika m'mawondo, ndipo nsapato imodzi inatsala m'matope. Anafika m'phanga mwathu akuwefuka, nadzipanikiza pakati pa anthu kuti abisale. Atapukuta madzi kumaso, anapeza kuti waima maso ndi maso ndi mkazi wake.

Apa ndi pamene mutu uja ankautama unamugwetsa. Sanaganize kuti Nambewe angasankhe yekha. Anaganiza kuti kumene kuli Nambewe ndiye kwa alamu, ndiye kuti iye wazungulira mutu ndi mvula n'kubwerera phanga lomwe wachokera, ndipo amalume akumudikirabe kwina.

"Bambo a Lute, khalani pansi," anatero Nambewe, atamugwira jekete.

"Ndisiye, amalume akundifuna."

Anavula jekete n'kuisiya m'manja mwa mkazi wake, nadutsa pafupi ndi amalume akewo osawaona, mpaka m'khwawa. Atafika pakati penipeni anakweza maso. Kutsogolo kunali a Zakeyu. Anacheuka. Kumbuyo kunali a Gwaza. Anapita mapazi atatu uku, nabwerera mapazi atatu uko, ndipo wezulo inalira.

Ine ndinawerenga anthu makumi asanu ndi asanu ndi anayi. Mnzanga kutsidya anapeza makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Nthawi yonseyo Fanuwelo anali chiimire m'madzi, nsapato imodzi, malaya atamatirira pa nthiti, anthu a mapanga onse awiri akumuonerera ali pouma. Zipani zinatigawa chaka chimenecho, koma tsiku limenelo wodi yonse inaseka pamodzi. Ine ndinaseka mpaka choko chinagwa m'thumba, ngakhale chisoni chinandigwiranso, chifukwa munthuyo ankanjenjemera ngati mwanapiye.

Mvula itakata tinatsikira pabwalo, ndipo mkulu uja analengeza kuti a Gwaza apambana ndi munthu mmodzi. Iwo anaitana Fanuwelo pamaso pa anthu.

"Mwana wa mlongo wanga, ndakuona ukulowa kawiri, ndakuona ukutuluka kawiri. Munthu mmodzi amene ndapambana nayeyo ndi mkazi wako. Kuyambira lero dimba lija ndi la Nambewe. Ukafuna kulimamo, uzipempha kwa iyeyo."

Fanuwelo anatembenukira kwa alamu ake, akudikira za kathumba kaja. A Zakeyu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda nsapato.

"Mlongo wangayu anabwera kuchigayo Lachitatu, nandiuza pamaso kuti akufuna mlatho, sadzaima kumbuyo kwanga. Ndinakwiya tsiku limodzi, zinatha. Koma inu alamu munadya tambala wanga."

"Pepani, alamu."

"Kukuthamangitsani m'mudzi sindikuthamangitsani. Mwathamanga mokwanira lero."

Fanuwelo anagona ndi chimfine sabata yathunthu. Atadzuka anapempha khasu kwa mkazi wake, ndipo anamulola.

Mukalowa mu ofesi ya khonsolo mudzaona bolodi la mayina a makhansala a wodi ino. Woyamba ndi a Gwaza, amene anamanga mlatho wa matabwa. Kenako pali mpata, zaka zija tinakhala opanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo madzi anakokolola matabwawo popanda wokadandaulira. Zisankho zitabwerera anapambana a Zakeyu, bwalo la mpira lija n'kutheka ndithu. Dzina lachitatu ndi la Nambewe. Dimba lija analisandutsa kalabu ya amayi olima tomato, anthu anazolowera kumumva akulankhula zimene akuganiza, ndipo mlatho wa simenti umene mwaolokapo m'mawa uno ndi wa nthawi yake. Nchifukwa chake ine sinditaya mtima ndi mizere ngati uwu, ngakhale makina azivuta.

Koma pa chisankho chachipulula chimene Nambewe anaimira, wopikisana naye anali mwana wa a Gwaza, msuweni wake wa Fanuwelo yemwe, amene anakulira naye limodzi. Anthu anabwera ambiri kuposa kale, ena osafuna n'kuvota komwe, kungofuna kuona kuti Fanuwelo athamanga bwanji ndi imvi. Kumwamba kunalinso mitambo.

Anapeza Fanuwelo wafika kale, woyamba pamzere, atagwira nsonga ya chitenje cha mkazi wake. Msuweni uja anamuyandikira asanamangidwe nsalu kumaso.

"Asuweni, magazi ndi magazi. Simungabwere kwanga pang'ono pokha, ndingomva kutsokomola kwanu?"

Fanuwelo anayang'ana kuphiri, nayang'ana mitambo, nakulunga chitenje chija kawiri padzanja lake.

"Ayi, asuweni, ine ndili pano. Mukapambana ndidzabwera kudzakuyamikani, koma lero musandidikire. Mapanga awiri avumbwitsa."