Mchira wa nkhandwe pakhomo panga

Lolemba
Mayi Doreen, gogo wachizungu amene ndimawasamalira, akusamukira kunyumba ya okalamba. Andipatsa mizu itatu ya maluwa awo. Azungu amati mchira wa nkhandwe: amatalika kuposa munthu. Mizu yakeyo kunyansa! Ngati akangaude onenepa.
Malamulo awo: pansi mchenga, dzuwa lambiri, madzi pang'ono, osathyola mwendo.
"Akaphuka undibweretsere chithunzi," akutero, akundigwira dzanja. Ndalonjeza.

Lachiwiri
Dzuwa kuno ku Bradford? Mvula yokhayokha. Malo owalako ndi amodzi, pafupi ndi chitseko. Dothi lake ndi makande, khasu likuchita kukana. Thumba la mchenga ndabwera nalo pa basi nditaweruka shifiti, msana wonsewu ukuwawa. Apongozi, amene abwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona adzukulu, akundiyang'ana pawindo. 

Lachitatu
Ndabzala! Itatu yonse, miyendo yotambasula bwinobwino.
Madzulo bambo a kunyumba akutulutsa bini ya zinyalala, ya matayala. Tayala phwa! pa muzu woyamba. "Ndimaona ngati ndi dothi chabe." Inde ndi dothi, nanga muzu umakhala m'mwamba? Mtima ukuwira. Yatsala iwiri.

Lachinayi
Nkhandwe yeniyeni yafukula muzu wachiwiri n'kuusiya pa sitepe. Woyamba kutsegula chitseko ndani? Apongozi. Kukuwa kwake, msewu wonse wamva.
Akufunsa mwana wawo kuti chimenechi n'chiyani. Munthu wamkulu, woti anene kuti ndi duwa basi. Iye mwachifatse: "Amayi, musaope, ndi mchira wa nkhandwe. Anakwirira ndi amake Tadala."
Mchira. Anakwirira. Pakhomo.
Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamukwirira iyeyo.

Lachisanu
Apongozi athira paketi yonse ya mchere pa bedi langa la maluwa. Ndikufotokoza nditagwada, ndikuonetsa zithunzi pafoni. Apongozi akungogwedeza mutu: "Duwa lanji lokhala ndi miyendo?"
Ali pafoni ndi azilamu anga kumudzi, mokweza, ngati ine ndine khoma. Umboni woti ndinamudyetsa mwana wawo kondaine:
amatsuka mbale,
amasintha mwana thewera,
dzana anati "pepa".
Zaka zonse ndavutika kumuphunzitsa munthuyu, lero ulemu ukupita kwa sing'anga! Ndipo sindingayankhe. Ndi apongozi. Ndakwiyira mu bafa, mpope wotsegula.

Loweruka
Ndikubwera kuntchito, utsi kuseri kwa nyumba. Amayi atatu a mapemphero, zitenje pamwamba pa majekete, azungulira mbaula yowotchera nyama. Muzu wachitatu uli pamoto. Wachiwiri ndi phulusa kale. Ngakhale wopondedwa uja aufukula.
Mmodzi wa iwo, amake Mutale a ku Zambia, akundikumbatira: "Musalire sisita, mwamasuka. Onani mmene chikukanira kupsa!"
Chikukana kupsa chifukwa ndi chachiwisi, chanyowa ndi mvula ya Bradford!
Bambo a kunyumba ali kuti? Akuwathirira tiyi. Mabisiketi anga obisa aja athanso.

Lamulungu
Kutchalitchi aliyense akundimwetulira mwachifundo. Sindikumwetulira aliyense.
Masana ndakaona Mayi Doreen kumalo awo atsopano. Kachipinda kakang'ono, windo loyang'ana poimika magalimoto. Funso loyamba: "Maluwa anga ali bwanji?" Ndati agona pansi. Akuti ndisawasokoneze, amadana ndi kugwidwagwidwa. Ndatuluka msanga. Mkwiyo watha, chatsala ndi chisoni.
Kunyumba, m'maenje anga atatu apongozi adzalamo mpiru. Pa mchenga ndi mchere, mwezi wozizira uno. Ndangowasiya.
Tadya. Mbale zaunjikana musinki. Bambo a kunyumba, poopa amayi awo, atambalala pampando akuonera mpira.
Apongozi akundikodola, nkhope yowala: "Mwaona, amake Tadala? Wachira."